Mankhwala Ndi Omwewo, Nanga Nsomba Zaferanji mu Okutobala Pomwe mu Malichi Sizinafe?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa ku Kasenengwa. Alemba motere: "Ndimaweta bream m'madamu awiri, lililonse mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali. Madzi amabwera ndi ngalande yodutsa m'dimba la alamu anga, omwe amalima matimati ndi repu. Mu Okutobala muno ndinapeza nsomba zambiri zitafa m'damu lakumtunda, pomwe m'damu lakumunsi munafa zochepa. Dzulo lake anyamata a alamu anapopera matimati n'kutsukira mpope pangalande. Alamu akuti mankhwala ndi omwewo amene akhala akupopera kuyambira Malichi, potsukira ndi pomwepo, ndipo nsomba sizinafepo. Akuti lapha nsomba ndi dzuwa. Kodi mankhwala angaleke kupha mwezi wina n'kudzapha mwezi wina? Nsomba zotsala tingadye? Ena akuti ndithire laimu wambiri."

Pepani Bambo ndi zimene zakugwerani. Chakudya cha nsomba chakwera mtengo, ndiye kuziona zili mbuu pamwamba pa madzi kutatsala miyezi yochepa kuti mukolole, mtima umawawa. Musataye mtima za damulo. Mankhwala ambiri amene alimi akupopera masiku ano amatha mphamvu m'madzi pakapita masiku kapena masabata, ngakhale kuti m'matope amachedwerako, ndipo madamu ambiri amene ndawaona atagwa m'vuto lotere anabwereranso pa ntchito.

Funso lanu loyamba yankho lake ndi eya. Botolo likhoza kukhala lomwelo, mlingo womwewo, koma madzi a Malichi ndi madzi a Okutobala ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ukali wa poizoni pa nsomba umatengera madzi amene wagweramo. Alamu anu akunena zoona kuti dzuwa lilimo m'nkhaniyi. Koma dzuwalo likhoza kupha lokha, likhozanso kuthandizana ndi mankhwala.

Tiyambe ndi kuchuluka kwa madzi, poti n'kosavuta kuwerengera. Damu lanu likadzaza mpaka mita imodzi limasunga malita 200,000. Mankhwala ambiri opopera mbozi ndi nsabwe kuno kwathu, monga cypermethrin, lambda-cyhalothrin ndi deltamethrin, ali m'gulu la pyrethroid, ndipo gulu limeneli ndi loopsa kwambiri pa nsomba chifukwa thupi la nsomba limachedwa kuwaphwanya kusiyana ndi la munthu kapena la nkhuku. Pali mitundu ya nsomba imene imayamba kufa pamene galamu imodzi yokha ya poizoniyo yasungunuka m'malita miliyoni imodzi. Botolo la lambda-cyhalothrin lolembedwa 5 EC lili ndi magalamu 50 pa lita, choncho mamililita 4 okha, osadzaza n'komwe supuni ya tiyi, akwanira kufikitsa damu lanu lonse pa mlingo umenewo. Tinene kuti mnyamata anathira mamililita 30 mumpope wa malita 16, n'kutsala malita awiri pansi, iye n'kukhuthulira pangalande, madzi n'kuchita mkaka uja kwa kanthawi. M'malita awiri amenewo muli pafupifupi mamililita 4 aja. Bream ndi milamba yaikulu ndi zolimbako kusiyana ndi nsomba zosachedwa kufazo, koma tiana ta nsomba sitilimba.

Mu Malichi ngalande inali yodzaza, madzi ankalowa m'damu n'kumatulukanso, poizoni ankasukuluka ndi kupitirira. Mu Okutobala kangalande kakuyenda pang'onopang'ono, damu latsika mwina kufika theka, ndipo palibe chotuluka. Amayi kunyumba akudziwa kuti msuzi ukaphwerera pamoto mchere umawawa, chonsecho sanawonjezeremo wina.

Kutentha ndiye pagona nkhani yaikulu. Nsomba ilibe kutentha kwakekwake, thupi lake limatsata madzi. Madzi akafunda, zonse m'thupi mwake zimathamanga ndipo imafuna okosijeni wambiri, koma madzi ofundawo ndi amene amasunga okosijeni wochepa. Dera la Chipata lili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno madzi a madigiri 20 amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 8 pa lita akakhuta, pomwe a madigiri 30 amasunga pakati pa 6 ndi 7. Usiku ndere, nsomba ndi manyowa owola pansi zonse zimalimbirana mpweya womwewo, kotero kuti pofika mbandakucha ukhoza kutsika pansi pa 3, pamene bream imayamba kuvutika. Ikavutika imatani? Imapopa madzi ambiri kudzera m'makha, momwe imapumira muja, kuti ipezeko kampweya. Poizoni wambiri amalowera m'makha momwemo. Ndiye nsomba ya mu Okutobala ikumwa poizoni wochuluka pa ola limodzi kuposa ya mu Malichi, thupi lake lili lofooka kale. Mankhwala a gulu la organophosphate, monga chlorpyrifos, profenofos, malathion ndi dimethoate, kawirikawiri amakula ukali madzi akamatentha. Amagwira mitsempha, nsomba n'kumaphiriphitha mpaka kulephera kupuma. M'mashopu muli mabotolo ambiri osakaniza profenofos ndi cypermethrin, omwe olima matimati ndi thonje amawakonda, ndipo kusakanizako kumaipira nsomba chifukwa woyambayo amatsekereza njira imene thupi likanaphwanyira wachiwiriyo.

Musaganize kuti nyengo yozizira ndi yopulumukira. Ma pyrethroid amachita zosemphana ndi anzawo: ukali wawo umakula madzi akazizira, ndipo amachedwanso kutha. Juni ndi Julayi ndi nthawi imene madimba adzaza repu ndi kabichi, mipope ili pamsana tsiku ndi tsiku, bream nazo zafooka ndi chisanu ndipo sizikudya bwino. Ndakumanapo ndi alimi odandaula kuti chisanu chawaphera nsomba, koma titayenda motsatira ngalande tinakapeza tibotolo ta mankhwala titatayidwa m'mbali mwa madzi.

China chimene anthu sachiganizira ndi matope. Madzi a mu Malichi amakhala ofiira ndi dothi lokokoloka m'minda. Ma pyrethroid ndi chlorpyrifos sakonda kukhala m'madzi, amakakamira ku tinthu ta dongo ndi ku zinyalala zowola, ndiye akagwera m'madzi a matope, gawo lalikulu limamatirira kumeneko n'kumira, lochepa ndilo limafika m'makha mwa nsomba. M'chilimwe madzi a m'ngalande amabwera oyera mbee, poizoni alibe pomata, amafika m'damu ali ndi mphamvu zake zonse. Izi zikutiuzanso chifukwa chake damu lakumunsi linapulumukako, ngati madzi ake amadzera m'damu lakumtunda: dothi, ndere ndi nsomba za m'damu loyamba zinatenga gawo lalikulu. Komatu poizoni womira sanathe. Wagona pansi pomwe milamba imafukula, pomwe bream zimakumba zisa, ndipo tsiku lokoka khoka matopewo amavunduka.

Tsopano za laimu. Anzanuwo sakunama kotheratu, koma uphungu wawo ungakupheretseni nsomba zotsala. Muyeso wa asidi m'madzi umatchedwa pH, ndipo nsomba za m'damu zimakhala bwino pakati pa 6.5 ndi 9. Mankhwala ena amaphwanyika msanga pH ikakwera. Carbaryl, mwachitsanzo, amatenga masiku opitirira khumi kuti theka lake lithe pa pH 7, pomwe pa pH 9 ndi nkhani ya maola ochepa, ndipo malathion naye amachita chimodzimodzi. Koma si onse. Diazinon amatha msanga m'madzi a asidi, ndipo mankhwala ena opha udzu okhala ndi glyphosate amaonjeza ukali pa nsomba pH ikakwera, makamaka chifukwa cha zosakaniza zothandiza kuti amate pa tsamba. Choopsa kwenikweni ndi ichi: m'damu momwe mwangofa nsomba muli amoniya wochokera ku zowola ndi ku ndowe za nsombazo, ndipo amoniya amasanduka poizoni woopsa pH ikakwera m'madzi otentha. M'damu lobiriwira kwambiri pH imakwera yokha masana mpaka kupitirira 9. Mukathirapo laimu womangira nyumba uja, woyera wotentha m'manja, mwamaliza zotsalazo. Ine ndikuti laimu adikire mpaka damu litaphwetsedwa.

Pamene laimu wa m'munda amathandizadi ndi pa nkhani ya kopa. Olima matimati amapopera copper oxychloride, mankhwala okhala ndi chitsulo cha kopa, pofuna kuteteza chiwawu, ndipo ambiri amamuyesa wofatsa poti sapha mbozi. Pa nsomba kopa amaononga makha, koma ukali wake umatengera mtundu wa madzi. Madzi amene sopo amachita thovu msanga, monga a mvula ndi a m'madambo ena a mchenga, ali ndi mchere wa laimu wochepa, ndipo m'menemo kopa amaluma kwambiri. Madzi amene sopo amavuta kuchita thovu, osiya zoyera pansi pa ketulo, amamanga kopayo n'kumuchepetsa mphamvu. Mlingo umodzimodzi wa kopa ukhoza kusiya nsomba zili bwinobwino kwa mlimi wa mudzi uno n'kupulula za mnzake wa kutsidya. N'chifukwa chake damu la madzi ofewa timalithira laimu wa m'munda polikonza, nsomba zisanalowe.

Nanga mungadziwe bwanji ngati lapha ndi dzuwa lokha kapena mankhwala? Kumbukirani bwino zimene munaona. Kusowa kwa mpweya kumapha mbandakucha, makamaka kukakhala kuti dzulo lake kunali mitambo, kopanda mphepo, kapena munathira manyowa ambiri. Mukafika m'mamawa mumapeza nsomba zasonkhana pamwamba ndi polowera madzi, kukamwa yasayasa, mukaomba m'manja zimamira pang'ono n'kubwereranso, dzuwa likakwera zotsalazo zimakhala bwino. Zimayamba kufa ndi zikuluzikulu, tiana n'kutsala. Madzi nthawi zambiri amasintha mtundu, kuchoka kobiriwira kupita kotuwa kapena koderako, ndi kafungo. Milamba siifa wamba ndi vuto limeneli poti imatha kupuma mpweya wa kunja, ndipo achule amangopitiriza kulira.

Poizoni wa mbozi alibe ola. Amayamba ndi tiana, ndipo nsomba imasambira mozungulirazungulira, kudzigunda m'mbali, kugwedezeka, kugona chammbali, zipsepse za pachifuwa zitaloza kutsogolo, ina msana utapindika. Madzi amakhala obiriwira monga kale. Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri chili kunja kwa damu: yendani m'ngalande kuchokera polowera madzi mpaka potsukira paja. Mukapeza nkhanu, ambululu, matemba ndi tizilombo ta m'madzi tili ngundangunda kumunsi kwa potsukirapo, pomwe kumtunda kwake zonse zili moyo, dzuwa silingasankhe malire otero. Pa zimene mwalemba, kufa kwa tsiku lotsatira kutsuka mpope ndiponso kusiyana kwa madamu awiri oyandikana, omwe dzuwa linawaomba mofanana, mtima wanga ukupendekera ku mankhwala ogwera m'madzi ochepa ndi otentha. Koma onaninso ngati damu lakumtundalo linali ndi nsomba zothithikana kapena manyowa ambiri kuposa linzake, chifukwa zimenezo nazo zimasiyanitsa madamu.

Za kudya, Bambo, apa ndilankhula mosapsatira. Nsomba zimene mwatola zitafa kapena zikuphiriphitha musadye, musagulitse, musapatse agalu, nkhumba kapena nkhuku. Kuwamba, kukazinga ndi kuyanika si njira zodalirika zochotsera poizoni. Zikwirireni m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime ndi mtsinje. Ndikudziwa kuti pamudzi nsomba zikayandama ana amathamangira ndi mabeseni, ndiye ngati ena anadya kale, yang'anirani zizindikiro izi: malovu ambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, kuona mwachimbuuzi, kunjenjemera ndi kubanika. Munthu wotero apite kuchipatala nthawi yomweyo, botolo la mankhwalawo kapena chithunzi chake chili m'manja, kuti adokotala adziwe gulu lake. Osamusanzitsa, osataya nthawi ndi mkaka. Nsomba zimene zapulumuka zisiyeni kwa masabata angapo m'madzi atsopano, ndipo musanazigulitse funsani alangizi a zansomba, poti nthawi yodikira imatengera mtundu wa mankhwala.

Pakadali pano tsekani polowera madzi ngati kudimbako akupoperabe. Lekani kudyetsa ndi kuthira manyowa kwa masiku awiri kapena atatu, chotsani nsomba iliyonse yakufa msanga, ndipo ngati muli ndi pampu kapena madzi a pamjigo, thirani madzi abwino mowagwetsa kuchokera pamwamba kuti azilowetsa mpweya, makamaka usiku kukamacha. Madzi a m'damu lokhudzidwalo musawatsegulire mumtsinje, pali anzanu kumunsi amene amamwetsa ng'ombe ndi kuchapa. Atayireni pa tsala, dothi ligwire poizoniyo.

Ngati mukufuna umboni, nthawi ndi yofunika kwambiri, chifukwa poizoni wa mtundu umenewu amazimirira m'madzi msanga. Vuto likadzachitikanso, tungani madzi tsiku lomwelo m'botolo lagalasi loyera bwino, lodzaza mpaka pakamwa, limodzi polowera madzi ndi lina pakati pa damu, muwasunge pozizira ndi pamdima. Botolo lapulasitiki silabwino poti ma pyrethroid amamatirira m'mbali mwake. Tengani nsomba zingapo zongofa kumene muziike mufiriji yowumitsa, jambulani zithunzi ndi foni, lembani tsiku ndi ola, ndipo jambulaninso chikalata cha pa botolo la mankhwala. Kenako kaonaneni ndi a ofesi ya Department of Fisheries m'boma lanu, omwe angayeze okosijeni ndi pH, pamodzi ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu. Nsomba zikafa mumtsinje kapena m'damu la anthu onse, imeneyo ndi nkhani yokauza ZEMA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2011 ndipo ndilo limavomereza mankhwala ophera tizilombo ogulitsidwa m'Zambia muno. Nsomba zikamafa pang'onopang'ono kwa masabata, zili ndi zilonda kapena maso otupa, pamenepo ganizirani matenda, muitane a zansomba kapena a vetenale.

Alamu anu musawayambe ndi mlandu. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu: otsuka mpope ndi anyamata, ndipo mwina iwo sadziwa n'komwe kuti pamatsala malita angati. Khalani pansi ndi botololo, muwaonetse kachithunzi ka nsomba yakufa ndi mtengo wouma kamene kali pa mabotolo ambiri. Mzere wa mtundu uli m'munsi mwa chikalata, wofiira, wachikasu, wabuluu kapena wobiriwira, umanena za kuopsa kwa mankhwala pa munthu. Sunena za nsomba, ndipo alipo ofatsirako pa munthu amene pa nsomba ndi oopsa zedi. Abamectin wopopera kangaude wofiira nayenso ndi mdani wa nsomba. Chopempha chanu chikhale chaching'ono ndi chotheka: madzi osungunulira mankhwala azitungidwa ndi ndowa yapadera, mpope usamaviikidwe m'ngalande, kusakaniza ndi kutsuka kuzichitikira pamtunda, zotsukira zizipoperedwa m'munda momwemo, botolo lotha lizitsukuluzidwa katatu n'kubooledwa, ndipo azikuuzani dzulo lake kuti mawa tipopera, inu mutseke ngalande masiku awiri kapena atatu. Kumbali yanu, kumbani kadziwe kakang'ono madzi asanalowe m'damu, momwe dothi lizikhazikika, ndipo dzalani vetiva kapena nsenjere pakati pa dimba ndi ngalande, mamita khumi ngati malo alola. Zikakanika pa awiri, ankhoswe ndi amfumu alipo, koma zambiri zotere zimathera pakhonde.

Muyang'anenso mbali zina, chifukwa dimba si gwero lokhalo. Mankhwala osambitsira ng'ombe pothana ndi nkhupakupa ambiri ndi ma pyrethroid omwewo kapena amitraz, ndipo ng'ombe yongochoka kudibi ikalowa mumtsinje imatsukira momwemo. Maneti a udzudzu ali ndi pyrethroid, ndiye kuwachapira m'ngalande kapena kugwirira nsomba m'damu n'kudziputira. Ombwe, womwe ena amati ububa, umene alimi ambiri kuno anaudzala pobwezeretsa chonde m'nthaka kutsatira kafukufuku wa zaulimi wa ku Msekera, pafupi ndi Chipata, masamba ake amapha nsomba akasinjidwa n'kulowa m'madzi, ndipo kupha nsomba ndi poizoni wamtundu uliwonse n'koletsedwa ndi lamulo la zansomba la 2011. Chiyambire 2016 pamene ntchemberezandonda zatsopano zija zinafika, chimanga nachonso chikupoperedwa kwambiri mu Disembala ndi Januwale. Mvula yoyamba yamphamvu imakokolola zonse zimene zinaunjikana m'minda, m'makola ndi m'misewu, n'kuzithira m'madamu omwe akadali otsika, choncho madzi a mvula yoyambayo apatutseni, adutse kumbali.

Damu lakumtundalo, ngati nsomba zatsalamo zochepa, ndi bwino kuliphwetsa. Palani matope a pamwamba, makamaka cha polowera madzi, mukawataye pamtunda, pansi paume mpaka pachite ming'alu, dzuwa la Okutobala likugwirireni ntchito kwa masabata awiri kapena atatu. Apa ndiye pothira laimu wa m'munda, pa mlingo umene alangizi angakuuzeni ataona dothi lanu. Mukadzazanso madzi, musathamangire kugula mbewu ya nsomba yodzaza damu. Thirani manyowa pang'ono, dikirani madzi abiriwire ndipo muone ngati tizilombo ta m'madzi ndi ambululu zabwerera. Kenako ikani tiana ta nsomba khumi m'kakhola ka ukonde kapena m'dengu lomira theka, cha polowera madzi, mutiyang'anire m'mawa ndi madzulo kwa masiku anayi. Tikakhala tonse tamoyo ndipo tikudya, itanitsani mbewu yanu. Tikafa, sinthaninso madzi, dikirani sabata ina, ndipo muitane a zansomba adzayeze madziwo musanayesenso.